Mmene a Mbewe Anadzitsekera Kunja

Loweruka lapitali tinavundukula chiliza cha a Zakeyu Mbewe, patatha chaka chiwaikireni m'manda. Olankhula anali ambiri, ndipo onse ananena zofanana ngati anachita kupangana: a Mbewe anali munthu wosataya kanthu. Mlamu wawo anatchula njinga imene anagula asanakwatire. Wina amene a Mbewe anamuphunzitsa masamu kusekondale anatchula jekete labulauni lija la zigamba m'zigongono. Anthu anaseka mwaulemu. Ine ndinakhala kumbuyo ndi azimayi, mtima ukuwira. Zimene ankanenazo n'zoona, koma n'zoona za anthu owaonera patali. Chachikulu chimene a Mbewe anachita ine ndikuona ndi maso anga chinali kutaya, ndipo palibe anachitchula.

Ine sindidziwa kuyamikira anthu. Ndimakonza mafoni pakhonde la sitolo ya Che Saidi pa Chimbiya. Kuyunivesite ndinachokako m'chaka chachitatu ndilibe pepala, ndipo wofuna kudziwa chifukwa chake akafunse kwa amene amakonda kukamba za ine, alipo ambiri. A Mbewe okha ndi amene sanandifunsepo. Tsiku loyamba anabwera ndi foni yomanga ndi mphira, naona laputopu yanga ili chotsegula. Anafunsa ngati mizere ya pulogalamu imene inali pagalasi ndimalemba ndekha kapena ndimangokopera kwa ena. Ndinawayankha mwamwano. Iwo anati basi, ndiye kuti ndimalemba ndekha, poti okopera amakhala aulemu.

Atapuma pa uphunzitsi anayamba kuyeza mvula. Poyamba kanali kachitini kamodzi kuseri kwa nyumba yawo ku Kabwazi, ndi kope. Kenako anapeza anthu m'midzi, ambiri mwa iwo azimayi a m'makalabu a alimi a kachewere, n'kumupatsa aliyense choyezera chake. Ntchito yake inali yosavuta: mmawa uliwonse uone pamene madzi alekeza, ulembe m'kope, utaye madziwo, utumize nambala pafoni. Manambalawo a Mbewe ankawalowetsa m'pulogalamu ina ya pa intaneti, ya mtundu umene aliyense amaloledwa kuona mmene inalembedwera, kuikonza ndi kuigwiritsa ntchito osapempha kwa munthu. Oisamalira anali anthu ochepa odzipereka, obalalika m'mayiko osiyanasiyana, oti sanaonanepo maso. A Mbewe anaphunzira kulemba mapulogalamu ali ndi imvi kale, kuchokera m'buku lina lothothoka masamba, mpaka anzawowo anawaika m'kagulu kovomereza zosintha. Chachikulu chilichonse sichinkasinthidwa iwo asanavomere. Ine anandikokeramo pang'onopang'ono, ndinangozindikira ndili m'kati.

Kuno pulogalamuyo inali ndi ntchito imodzi. Ikaona kuti m'mudzi wakutiwakuti mvula yagwa masiku angapo otsatizana, inkatumiza uthenga kwa a kalabu kuti apopere mankhwala, chiwawu chayandikira. Amene sanalimepo kachewere sachidziwa chiwawu. Lero munda uli biriwiri, sabata ikamatha uli ngati mwadutsa moto.

Kompyuta yawo inali chibokosi chotuwa chimene ofesi ina inataya. Ankachifunditsa chitenje ngati mwana. Akachiyatsa ankatuluka kukawaza chimanga kwa nkhunda zawo, pobwera chisanamalize kudzuka. Ankalemba ndi zala ziwiri. Wina akatumiza zosintha, iwo ankagunditsa rula pagalasi n'kumawerenga mokweza mzere umodziumodzi, monga ankachongera mayeso, ngakhale m'chipindamo muli iwo okha. Poyankha anzawo akunja ankayamba ndi moni, kufunsa za ana ndi za nyengo, kenako n'kukana zimene apempha. Mayi wina wa ku Kenya, mmodzi mwa osamalira pulogalamuyo, anandilembera kumbali kuti sanakanidwepo mwaulemu chotero, kangapo konse, ndi munthu mmodzi.

Chimene ankakanacho chinali chimodzi. Pulogalamu yathu imadalira chigawo china cholembedwa ndi anthu ena, chimene amachitcha laibulale. Si ya mabuku. Ndi imene imawerenga matebulo a manambala. Eni ake amaikonza nthawi ndi nthawi n'kutulutsa yatsopano, ndipo yatsopanoyo pa makompyuta akale kwambiri siyenda. Choncho pulogalamu yathu inkasenza zonse ziwiri. Chilichonse chimene walemba unkayenera kuchiyesa kawiri, ndipo njira zabwino za yatsopano unkazisiya dala chifukwa yakale sizidziwa. Chaka ndi chaka wina ankalemba kuti tiyeni tiisiye yakaleyi, eni ake omwe anaitaya kalekale. Chaka ndi chaka a Mbewe ankapereka moni, n'kukana.

Kumapeto kwa kope lawo kunali mndandanda wa malo onse amene ankadziwa kuti akugwiritsabe ntchito makompyuta akale: makalabu angapo, sukulu ina ya pulayimale, mlangizi wina wa ku Ntcheu, ndi bambo wina wa kutsidya kwa malire. Ankakonda kunena kuti ulalo suuchotsa usanawerenge amene atsala tsidya lija. Ankanenanso kuti odandaula pa intaneti ndi a makompyuta atsopano okhaokha. A makompyuta akale zikawakanika amangosiya mwakachetechete, iwe n'kumayesa kuti aliyense wakondwa. Mawu amenewa ankandinyansa chifukwa sindinkatha kuwatsutsa.

Ndinatsutsa pena. Ndinawauza pamaso kuti mndandandawo ndi chophimba m'maso, chimene akuteteza ndi chibokosi chawocho, ndipo anthu a m'mayiko anayi akuyenda pang'onopang'ono kudikira nkhalamba imodzi ya ku Kabwazi. Sanakwiye. Anati, "Nankhoma, kuti ndili tsidya lija n'zoona. Koma sindiliko ndekha." Ankanditchula mfunda wanga nthawi zonse, makamaka ndikalusa.

Dzinja lina chiwawu chinalowa ku Kaphuka uthenga usanapite. Sunapite n'komwe. Wapampando wa kalabu ya kumeneko anaimba foni akukalipa kuti mvula yakhala ikugwa sabata yathunthu, makina athu ali duu. A Mbewe anaganiza za netiweki. Ine ndinatsegula tebulo la Kaphuka ndipo masiku amenewo ndinapeza ziro, ziro, ziro, ziro, pamene midzi yoyandikana nayo inali chinyowere. Ndinaimbira woyeza wa kumeneko, a Nangondo, ndipo sindinawapatse moni. Ndinawafunsa chifukwa chimene analembera ziro kunja kukuvumba.

"Ziro ine sindinalembe, mwanangu," anatero. "Ndinali pa maliro a alongo anga. Ndikanachoka pasiwa kuti ndikasuzumire m'chitini?"

Apa ndibwerere m'mbuyo. Pophunzitsa oyeza mvula, a Mbewe anali ndi lamulo limodzi limene ankalibwereza mpaka anthu ankawamalizira okha. Ngati sunayeze, usaganizire nambala. Taya madziwo, siya mpata m'kope, mpata si bodza. Ankadziwa kuti kuno maliro akagwa khasu limagona mudzi wonse, ndipo ankawauza kuti pitani kumaliro, mvula idzagwanso. Azimayiwo anasunga lamuloli mokhulupirika. Nawonso a Mbewe polowetsa manambala ankasiya mpata pamene pali mpata. Koma laibulale yakale ija inalibe posunga mawu oti sitikudziwa m'ndandanda wa manambala. Yatsopano ili napo. Kuti pulogalamu iziyenda ponseponse, wina kalekale anaiuza kuti ikapeza mpata izidzazapo ziro. Ziro ndi tsiku lopanda mvula. Masiku anayi a maliro anasanduka masiku anayi a dzuwa, ndipo pulogalamu sinaone chifukwa chochenjezera munthu.

Ndinafufuza zaka zam'mbuyo masana amodzi okha. Tinthawi ta ng'amba tinali mbwee, pakati pa dzinja, m'mudzi umodzi wokha, ina yonse ikunyowa. Mmawa mwake ndinakwera kabaza mpaka ku Kabwazi. Ndinawapeza pakhola la nkhunda. Akazi awo, a Nabanda, anandiuza kuti ndiyambe ndakhala pansi, koma sindinakhale.

"Kompyuta yanuyi imanama," ndinatero. "Yakhala ikunama kuyambira kale. Azimayi aja amanena zoona, inu n'kumazisandutsa bodza."

Anatenga rula, nawerenga zimene ndinawaonetsa kuyambira pamwamba mpaka pansi, ulendo uno chamumtima. Atamaliza anangoti mvula ikubwera, ndinyamuke msewu usanaterere. Masabata awiri anadutsa osandiimbira. Ndinkayesa andikwiyira, ndipo sindinadandaule, ondikwiyira ndi ambiri.

Kumene anali ndinamva kwa a Nangondo patapita nthawi. Anafika kwawoko panjinga, makope akale onse atamanga kumbuyo, nakhala pakhonde n'kuyamba kufunsa mpata umodziumodzi. A Nangondo ankaloza ndi chala. Apa ndi alongo anga. Apa ndi apongozi. Apa ndi khanda la kwa aneba lija silinathe mwezi. Pena anaseka, nati apa sipanafe munthu, mbuzi inagubuduza chitini. A Mbewe ankalemba dzina lililonse pambali pa mpata wake ndi pensulo. Anachita chimodzimodzi m'midzi inanso, ndipo pomaliza anapempha kuti a kalabu ya ku Kaphuka asonkhane.

Kumsonkhanoko ndinaliko, anachita kunditumizira uthenga wa mawu atatu. Anaimirira chipewa chili m'manja, pamaso pa anthu amene ena anali ana awo a sukulu. Anati cholakwa si netiweki, si a Nangondo, ndi iwo. Anati anzawo akhala akuwauza kwa zaka kuti asiye chida chakale, iwo n'kumakana poyesa kuti akuteteza alimi. Kenako bambo wina amene munda wake unapseratu, a Yohane, analankhula ali chikhalire.

"Aphunzitsi, kupepesa tamva. Koma kupepesa sikukumbidwa."

A Mbewe anati eya, n'zoona. Ine ndinayang'ana pansi, osati chifukwa cha manyazi awo koma anga, poti a Nangondo anali pompo ndipo ndinali ndisanawapepese maliro a alongo awo.

Musaganize kuti anagonja tsiku lomwelo. Munthu uja anali wa zigamba. Mwezi wathunthu analimbana kuti laibulale yakale ikhalebe, poika nambala yachilendo pamalo pa mpata kuti pulogalamu iziizindikira. Nambalayo inakatulukira m'masamu a pamwezi, Kaphuka n'kupezeka ndi mvula yoti ikanakokolola phiri. Anaiona okha, ine ndisanawauze, ndipo ndimadandaulabe kuti anandilanda mwayi umenewo. Dzinja lonse lotsalalo ankayang'ana makope ndi maso n'kumaimbira makalabu okha.

Mvula itatha analembera anzawo akunja kalata. Anayamba ndi moni monga mwa masiku onse, kenako anavomera kuti laibulale yakale ichotsedwe. Anapempha chimodzi: awapatse mpaka mvula yoyamba kuti awoloketse anthu a pa mndandanda wawo. Ine ndinkafuna tichotse tsiku lomwelo. Anandiuza kuti kufulumira kwanga ndi kuchedwa kwawo ndi matenda amodzi, tonse sitinapite kukaona.

Ndiye tinapita kukaona, chilimwe chonse, pafumbi. Makompyuta ena anangofunika tizipangizo tochepa timene ndinazula m'makompyuta akufa. Mlangizi wa ku Ntcheu anali atagula yatsopano kalekale osawauza. Kusukulu kuja tinapeza kompyuta ili pakona, pamwamba pake aikapo mabokosi a choko, makoswe atadya mawaya, aphunzitsi osakumbuka chaka chimene inayaka komaliza. A Mbewe anaima nthawi yaitali akuiyang'ana. Iyi ndi imene ankaitchula m'makalata awo chaka chilichonse. Anatulutsa kope nadula mzere, ndipo ine, kamodzi m'moyo wanga, ndinatseka pakamwa.

Pomaliza panatsala makompyuta awiri osatheka: ya kalabu ina ya kuseri kwa phiri, ndi yawo. Mayi wa ku Kenya uja anatumiza laputopu yake yakale kudzera kwa munthu wa pabasi, atalemba dzina la a Mbewe pabokosi. Iwo anaimanga panjinga n'kukaisiya kukalabu kuja. Ndinawakalipira pamaso pa Che Saidi ndi makasitomala. Ndinawafunsa ngati akudziwa kuti akudzichotsa okha pa ntchito imene anaiyambitsa kuno ndi manja awo. Anadikira ndimalize.

"A kalabu ali ndi minda," anatero. "Ine ndili ndi nkhunda."

Anzawo akunja anati angathe kusiya kanjira kakang'ono koti kompyuta yawo yokha izidutsirapo. Anakana, akuti kakhomo kosiyira munthu mmodzi ndi komwe bodza lija lidzalowerenso.

Tsiku lochotsa anandiitana mmawa, kunja kutayamba kale kutentha. Zochotsazo analemba okha, pa chibokosi chomwecho, ndi zala ziwiri. Inali mizere yambiri, ndipo yochuluka anailemba iwo omwe zaka zapitazo kuti laibulale yakale isafe. Anagunditsa rula pagalasi nawerenga mokweza mzere uliwonse umene ukuchoka, osadumpha. Zinatenga nthawi moti ndinatuluka kawiri. Atamaliza anavomereza. Kenako anakopera pulogalamu yatsopanoyo pa kompyuta yawo n'kuiyatsa, poti iwo chinthu chosayesa sankachikhulupirira. Inakana kutseguka. Pagalasi panabwera uthenga umene anaulemba okha, m'Chingerezi ndi m'Chichewa:

"Kompyuta iyi singathe kusiyanitsa tsiku lopanda mvula ndi tsiku limene munthu sanayeze. Musaigwiritsenso ntchito powerengera mvula. Funsani oyandikana nanu."

Anauwerenga mokweza nawonso. Anati, "Yagwira." Anazimitsa, nafunditsa chitenje. A Nabanda, amene anaima pakhomo nthawi yonseyo, anati ndiye kuti tebulo lawo limene panali kompyutayo lidzabwerera kuchipinda chodyera, amuna awo analibwereka akuti ndi la sabata imodzi. A Mbewe anaseka pang'ono, koma manja awo anali akadali pachitenjepo, akusalaza malo osalala kale.

Makope onse anawaika m'jumbo n'kundipatsa. Ndinati sindinawapemphe. Anati, "Inenso sindikukupempha, Nankhoma. Wakhala ukunena kuti ndikukuchedwetsa. Njira ndi imeneyo." Sabata yomweyo analembera anzawo kuti awachotse m'kagulu kovomereza zosintha, chifukwa sangavomereze chimene sangathe kuchiyesa. Anzawowo anawanyengerera. Anawapatsa moni, n'kukana.

Zaka zija anatichedwetsa sindinawakhululukire, ndipo sindinama kuti ndinatero. Minda ya ku Kaphuka inapsa chifukwa cha kuuma mutu kwawo. Koma ndaonapo anthu ambiri olakwa, kuyunivesite ndi kwina, ndipo onse akagwidwa amafuna wapansi pawo woti amusenzetse. A Mbewe anali ndi a Nangondo pafupi, mayi wosadziwa n'komwe kuti laibulale n'chiyani, woti palibe akanamuikira kumbuyo. Anali ndi netiweki. Anali ndi ine, wamwano wopanda pepala. Anasankha chinthu chokhacho chimene chinkawadzutsa mmawa.

Kuyambira pamenepo ankabwera pa Chimbiya Lachiwiri lililonse pa minibasi. Ankakhala pa kireti yopanda mabotolo, pakati pa tebulo langa ndi chitseko cha sitolo. Laputopu yanga sanaikhudzepo ngakhale kamodzi. Ankangoyang'ana cha paphewa langa, magalasi ali kunsonga kwa mphuno, n'kumandiuza kuti ndibwerere mzere wapamwamba. Tinkakangana za makalata anga opanda moni. Tinkakangana chifukwa ndinkavomereza zosintha ndisanaziwerenge kawiri. Che Saidi ankati makasitomala ena amabwera Lachiwiri dala kudzamvera.

Chimene chinkanditopetsa kwambiri chinali mipata. Tsopano inkaoneka bwinobwino patebulo, yoyera, yosadzazidwa. A Mbewe akaona umodzi ankaloza ndi rula n'kufunsa kuti kwagwanji kumeneko. Ndikati sindikudziwa, ankati foni ndili nayo. Ndinkaimba ndikung'ung'udza, iwo ali tcheru kumva ngati ndayamba ndi moni. Nthawi zina inali mbuzi. Nthawi zambiri sinali mbuzi, ndipo ndinkapezeka ndikunena pepani kwa mayi amene sindinamuonepo, kenako n'kuwapatsira foni a Mbewe, amene ankadziwa womwalirayo, makolo ake ndi kalasi imene analekezera.

Anadwala m'nyengo yozizira. Lachiwiri lina sanabwere, lotsatira lakenso, ndipo sabata yachitatu tinali ku Kabwazi, pa maliro awo.

Malo amene ankakhala ndi kampata kochepa, sikakwana mapazi atatu. Kireti ija Che Saidi anaibweza kwa a galimoto ya zakumwa. Pakhoma patsala chidetso pamene ankatsamira, laimu anachoka ndi jekete. Ali pamenepo khomo linkachepa, moti aliyense wolowa m'sitolo ankayenera kupendekeka, ndipo popendekekapo ankawapatsa moni, iwo n'kumugwira ndi mafunso mpaka kuiwala chimene wadzagula. Pano khomo ndi lotakasuka. Anthu amalowa ndi kutuluka osalankhula ndi munthu. Masiku a msika mayi wina amaikapo beseni la tomato, ndipo sindimuletsa, malowo si anga. Dzuwa la mmawa, limene kale linkathera pamsana pawo, tsopano limafika mpaka pagalasi la laputopu, ndimachita kutchinga ndi katoni.

Lachiwiri ntchito imayenda msanga masiku ano. Pofika masana ndimakhala nditamaliza zonse, ndipo palibe amene wandiuza pamene ndalakwitsa.